Kalata Yachinayi

Makalata atatu ndawasunga m'kabati ya galimoto,
pansi pa magolovesi ndi tochi yakufa mabatire.
Onse amayamba chimodzimodzi:
Wokondedwa Larysa, tikupepesa.
Ulemu wake ngati wa munthu wokupatsa moni
dzanja lina likutseka chitseko.

Yoyamba ndinaililira sabata yathunthu.
Yachiwiri ndinaikwiyira.
Yachitatu ndinaiwerengera m'khola la Orest Hnatiuk,
usiku wa mu Febuluwale,
chisanu chikuumitsa ubweya wa m'mphuno,
ng'ombe ikubuula pa udzu wouma
mwana atatsogoza mchira m'malo mwa mutu.

Dokotala Wiebe sananditonthoze.
Anati: Vula jekete. Samba mpaka m'phewa.
Kenako, mkono wanga uli m'kati mwa ng'ombe
ndikufufuza chiboda mumdima wofunda,
anandifunsa: Unayamba wawafunsapo chimene amakukanira?

Ndinali ndisanafunsepo.
Zaka zitatu kugogoda khomo lomwelo
ndi nkhonya yomweyo.
Safunsa anadya phula.

Lolemba ndinaimba foni ku Saskatoon.
Mayi wa mu ofesi anatsegula fayilo, ndinamva mapepala akuphethira.
Kemisitiri, anatero, malikisi anu ndi otsika.
Ndipo pa mafunso a pamaso munanena kasanu
kuti mumakonda nyama.
Aliyense wolowa pakhomo pano amakonda nyama.

Ndinabwerera m'kalasi,
pakati pa ana ongochoka kumene kusekondale,
jombo zanga zikununkha ndowe,
mpando woyandikana nane wopanda mwini teremu yonse.
Usiku ndinkaloweza mayina a maasidi
khutu lili ku foni ya Dokotala.

Ndinagula kope lofiira.
Tsiku, maola, dzina la famu,
chimene ndaona, chimene ndalakwitsa.
Danga lomalizalo ndilo linadzaza msanga.
Ndinaphonya mtsempha wa nkhosa katatu.
Ndinaiwala kukhoma geti,
nkhumba za a Friesen zinakafika pamsewu waukulu.
Hatchi inandipana chala pachitseko,
chikhadabo chinamera chopindika.
Walira mvula walira matope,
koma matope a kuno mu Epulo amavula munthu jombo
n'kumusiya ataima ndi sokosi.

Ndiye linafika tsiku la galu wa Orest,
nkhalamba ya imvi pakamwa, impso zitatopa.
Ndinamugwira mutu Dokotala akubaya jekeseni yomaliza.
Galuyo anagona mosavuta.
Wovuta anali mwini wake,
bambo wa manja ngati fosholo,
ataima pakhomo chipewa chili pachifuwa,
akufunsa ine, osati Dokotala,
ngati anachedwa kubwera naye.
Ndinamuuza zoona pang'onopang'ono,
monga timamwetsera mkaka thole lofooka
kuti lisatsamwe.
Buku la kemisitiri linalibe tsamba limenelo.

Sabata yatha ndinakhalanso pamaso pa atatu aja,
tebulo lomwelo, jagi ya madzi yomweyo.
Atafunsa chifukwa chimene ndikufunira malo,
mawu oti chikondi sanatuluke pakamwa panga.
Ndinawauza za mwana wa ng'ombe wa mu Febuluwale,
kuti tinamutulutsa atafa kale,
kuti mayi wake anadzuka m'mawa n'kudya,
ndipo chaka chino wabereka mapasa.
Ndinawauza za geti.
Ndinawauza za chipewa cha Orest.
Mmodzi analemba kanthu.
Wina anangoyang'ana chikhadabo changa.

Kalata yachinayi sinafike.
M'bokosi la kumsewu muli bilu ya magetsi basi
ndi chipale chofewa chimene mphepo yalowetsa pamng'alu.
Ikadzayambanso ndi tikupepesa,
m'kabati malo alimo,
m'kope masamba akadalipo.

Foni yalira. Ndi kwa a Friesen:
nkhumba yakanika kuswa kuyambira madzulo,
ndipo dzanja la Dokotala ndi lalikulu.
Langa ndi limene limalowa.