Makalata a Phungu Voskuil

Zaka makumi awiri ndi ziwiri ndinkatsegula makalata ake
mu ofesi ya pamwamba pa sitolo ya nsapato ku Iowa.
Zipsera za mapepala zikadali pachala changa.

Harlan Voskuil, mwana wa wokonza mathirakitala,
anayamba ndi galimoto yobwereka ndi suti imodzi yotuwa.
Ankagogoda khomo ndi khomo, chipale chofewa chili m'mawondo,
agalu akumuuwa, iye n'kumawalonjera ngati nawonso adzavota.
Anapambana ndi mavoti mazana atatu.
Usikuwo analira m'galimoto,
ine ndikunamizira kufunafuna makiyi.

Ku Washington anaphunzira kuyankhula mozungulira
ngati msewu wolambalala phiri.
Koma Lachisanu ankabwera, kuvula tayi, kukhala pa desiki langa:
Verna, akuti chiyani anthu anga?

Ndinkamuwerengera.
Mayi wamasiye amene penshoni yake inasochera m'makompyuta.
Mlimi amene banki inamulanda munda chimanga chili m'ngaiyaye.
Kamnyamata kolemba ndi pensulo, kofuna mlatho
pa mtsinje umene unameza mkulu wake.
Mlathowo anaumenyera zaka zisanu ndi zinayi.
Ulipo, mukhoza kuwolokapo.

Ndiye kunabwera voti ya nkhondo.
Anandiimbira foni pakati pa usiku.
Akuluakulu a chipani andipanikiza pakona, anatero.
Ndinangoti kukamwa yasa, mawu osatuluka.
Kutacha anadina batani lobiriwira.

Patapita miyezi isanu ndi itatu kunafika envelopu yopepuka:
mzere umodzi wa bambo wina,
ndi chithunzi cha mwana wake atavala yunifomu,
makutu aakulu, chipewa chomukulira.
Imeneyo sindinamuwerengere.
Ndinaikankhira pansi pa mafayilo.
Anaipeza yekha.

Chisankho chotsatira anagwa chagada.
Tinalongedza zaka zonsezo m'makatoni khumi ndi anayi.

Masiku ano amakhala pawindo la lesitilanti ya pafupi ndi njanji,
khofi akuzizira, achinyamata akudutsa osamucheukira.
Pa chikwangwani cha mlatho chilembo choyamba chinathothoka,
palibe wakumbukira kuchibwezera.

Dzana ndinamupeza pomwepo.
Anasolola chithunzi chija m'thumba la jekete, chothetheka m'mbali:
Verna, dzina la mwanayu likundithawa.
Ndinamuuza.
Analibwereza katatu chapansipansi,
kenaka anabwereka cholembera kwa woperekera zakudya
n'kulilemba pachikhatho.