Kwa Mlembi wa Buku Lachikuto Chobiriwira

Ndimagulitsa matikiti pa chikepe chokwera phiri
kuno ku Valparaíso, kumene nyumba zimaberekana pamtunda.
Chikepe chikanyamuka, ndimatsegula buku lanu.
Chikabwerera, ndimaika tikiti yakale pakati pa masamba.

Munthu woipa wa m'buku lanu ali ndi chipsera patsaya,
amanunkha mowa, agalu amamuuwa,
amafika usiku, mvula ikumenya malata.
Mayi, mwamumeretsa nyanga
kuti owerenga azigona tulo.

Wanga ankakonzera anthu mawailesi osalipiritsa.
Don Eliodoro, wa zikhadabo zowenga bwino.
Ankabwera Lachiwiri, dzuwa likuswa mtengo,
mapichesi ali m'thumba lapepala,
amayi n'kumuthokoza pakhomo.

Mwana wanu walankhula pa tsamba 212.
Khoti lonse lati zii, woweruza wavula magalasi.
Ine ndinalankhula tikusenda mbatata.
Amayi anati, "Nélida, makoko akowo akunenepa,"
mpeni wawo osaima.
Eliodoro anafa ndi ukalamba.
Pamaliro pake tchalitchi chinachepa,
ndipo makapu a khofi ndinatsuka nawo.

M'masamba makumi atatu otsalawo mwamuchiritsa mwanayo:
nyanja, tsitsi lometa, mwamuna woleza mtima.
Ine ndili ndi zaka makumi asanu ndi zitatu.
Masiku ambiri ndimaseka.
Ndili ndi mphaka wakuba, ngongole ya firiji,
ndi Ximena amene ndimavina naye Loweruka.
Koma wailesi ikati shiii pakati pa masiteshoni
zala zanga zimaiwala kubweza chenji.
Zimenezi mungaziike m'mutu uti?

Komabe pa tsamba 58 mwalemba kuti
mwanayo ankawerenga matabwa a kudenga
n'kusokoneza dala kuti ayambirenso.
Anakuuzani ndani?
Anga anali khumi ndi asanu ndi anayi,
limodzi lili ndi mfundo ngati diso la nsomba.
Ndinatseka buku. Mzere unafika kumsewu.
Bambo wina anagogoda galasi ndi kobiri lake.

Mwina palibe anakuuzani.
Mwina nanunso munali ndi denga lanu,
ndipo chipsera chija, khoti lija, nyanja ija,
ndi ngongole imene dziko silinakubwezereni,
ndiye mwadzilipira nokha ndi cholembera.

Ngati zili choncho, sungani mathero anuwo,
sindikulandani.

Chikepe chafika. Otsika ndi asanu ndi awiri,
mmodzi ndi kamtsikana kovala nsapato zofiira.
Ndayang'ana amene wakagwira dzanja.
Ndimayang'ana nthawi zonse.