Khomo la Kutsogolo

Khomo la kuseri limandidziwa.
Lachiwiri ndi Lachisanu, dzuwa lisanakwiye,
ndimaimika njinga pafupi ndi migolo ya zinyalala,
kumasula zingwe za mphira,
kutsitsa madengu a Mai Asiyatu a ku Lifuwu:
matimati, mabiringanya, tsabola wobiriwira.
Mnyamata wa pa sikelo amangoti, "Wafika, Kabaza,"
ngati amayi anga sanandipatse dzina.

Lero ndadzera kutsogolo.

Chitseko chatseguka chokha ndisanachikhudze.
Ndabwerera m'mbuyo kuti mwiniwake adutse.
Sipanadutse munthu.
Chisanu cha m'makina chandimenya pachifuwa,
thukuta la pa Kamuzu Road lauma pamsana, lasanduka mchere.

Mlonda watambasula dzanja, koma si la moni.
Watenga kachikwama kanga ka pampu ndi masipanala,
wandipatsa kathabwa kolembedwa 14.
Bambo wina wopukusa makiyi a galimoto
wadutsa ndi chikwama chake chonse,
mlonda ali njo, ngati msilikali.

Mtsikana wa yunifomu yofiira ali pambuyo panga.
Ndikaima, naye waima.
Ndikacheuka, akukonza zitini zokonzeka kale.
Nkhwaila zanga zikusiya fumbi pa matailosi
ndipo wina akunditsata ndi chokolopera,
kufufuta umboni woti ndinafika.

Kenako ndawaona.
Anayi, agona pa kambale koyera,
awafunditsa pulasitiki, awayatsira magetsi.
Ndawadziwa ndithu.
Limodzi lili ndi kachipsera pambali
pamene dengu linagunda goli la ngolo
m'mawa uja, ndikuzemba mchenga.
K3,800.
Ndawerenga kawiri, kachiwiri ndi chala.
Pa ndalama imeneyo Mai Asiyatu amadzaza beseni,
n'kuikapo basela, n'kuthokozanso,
iwo amene amanyamula keni mpaka msana kulira.
Kuchoka kuseri kufika pano ndi mapazi makumi awiri okha,
koma matimatiwa abwera ngati matchona a ku Joni,
onunkhira, osandidziwanso.

Sindinadzere iwo.
Ndaziona wagona masiku anayi ku wodi ya ana.
Usiku wathawu malungo atamusiya
wapempha chipatso cha m'buku la Sitandade 1,
chofiira chija, chimene sichimera kwathu.
Apozi mmodzi: maulendo atatu a ku chipatala,
wokwera wake wonenepa, mphepo ikuchokera kutsogolo.
Ndasankha wamkulu. Onse mtengo ndi umodzi.

Pa kauntala ndatulutsa ndalama zanga zonyowa.
Mtsikana wazigwira ndi nsonga za zala,
waziwongola imodziimodzi.
Pachifuwa pake palembedwa Lonjezo.
Wandiyang'ana, wayang'ananso, watsitsa mawu:
"Si inu munkanditengera ku Msalura mvula ikagwa?"
Ndisanayankhe, wa tayi watsokomola kumbuyo kwake.
Pansi pa kauntala ndaona wavula nsapato imodzi,
phazi latupa ngati buledi.
Mpando palibe. Kuyambira sikisi, mpando palibe.
"Jumbo mugula?"
Ndapukusa mutu.
"Wotsatira!"

Pakhomo mlonda wawerenga lisiti
kuyambira pamwamba mpaka pansi,
lisiti lalitali kuposa chimene ndagula.
Ndabweza 14, andibwezera dzina la ntchito yanga
ndi masipanala onse, osasowa ndi imodzi yomwe.

Panja Salima wandilandira ndi mbama ya dzuwa.
Anzanga pansi pa mtengo akukuwa,
"Bwana Fulaye, mwatigulira chiyani?"
Ndangoseka, ndakwera.

Lachisanu ndidzakhalanso kuseri, pa migolo.
Sindikudziwa ngati ndikawauze Mai Asiyatu
kumene ana awo amagona
ndi mtengo umene amawatchula.
Mwina adzaseka. Mwina adzasiya keni pansi.

Pakali pano apozi ali m'thumba la buluku,
akundizizira pantchafu,
ndipo ndikupalasa choimirira,
wokwera akaitana ndikukhala ngati sindikumva,
kuti Ndaziona akamulume
chisanu chija chisanathe.