Botolo Lachisanu ndi Chiwiri

Lachiwiri lililonse, dzuwa lisanasuzumire pamapiri a Wasatch,
ndimakwera chigwembe cha Little Cottonwood
ndi mabotolo khumi ndi awiri m'bokosi lozizira,
golovesi yakumanja itang'ambika pachala chachikulu.
Ntchito yanga n'kutunga madzi, kulemba nthawi, kutseka chivindikiro.
Palibe amene amandijambula.

Kumunsi mzinda udakali m'tulo.
Mwana wina adzuka ndi ludzu,
atsegula mpopi osafunsa kumene madziwo anagona.
Ine ndikudziwako. Anagona kuno,
pansi pa chipale chofewa, m'ming'alu ya mwala wotuwa uwu,
ndipo mawa lomweli akhala pamilomo pake.

Galu wanga Pinto sanapondepo kuno.
Lamulo limakana, ndipo ine ndimalimvera,
ngakhale amalira pakhomo akaona nsapato zanga zamphira.

Koma magalimoto amaloledwa.
Chipale chikagwa usiku, msewu umasanduka njoka yofiira,
mabuleki ngwee kuyambira kukamwa kwa chigwembe mpaka pamwamba,
aliyense akuthamangira kukatsetsereka asanamupondere anzake.
Pakati pa njokayo pali basi ya Tevita Moala,
ndipo pampando wachitatu pali mwana wanga Araceli,
amene amatsuka mbale kuhotela yapamwamba.
Mwezi uno wachedwa kanayi.
Kanayi amudula malipiro.

Tsono pamsonkhano uja, muholo yasukulu yonunkha penti,
sindinapite ngati mdani wa aliyense.
Injiniya Halvorsen anayala mapu ake:
nsanja zachitsulo, chingwe, ngolo zolendewera m'mwamba
zodutsa pamitu ya mitengo ngati mikanda.
Tevita anaimirira, chipewa m'manja:
"Mundipatse kanjira kangakanga basi,
onsewa ndiwanyamula."
Wina anafuna geti yolipiritsa,
wina anati geti ndi mpanda wotsekera osauka kunja.
Anakangana mpaka khofi anazizira.

Atandiitana ndinalibe mapu.
Ndinaika botolo lachisanu ndi chiwiri patebulo,
la pansi pa mlatho, pomwe msewu umagundana mapewa ndi mtsinje.
Ndinati: mchere umene timathira pamsewu kuti tisaterereke
sumabwerera m'lole.
Chipale chikasungunuka ndimaupeza muno,
pamodzi ndi fumbi la matayala ndi kadontho ka oyilo.
Mukakuza msewu, muphwanya mwala, matope atsikira muno.
Mukazika nsanja, mukumba maenje, matope atsikira muno.
Mukasiya zonse momwe zilili,
njoka ija idzingokhetsera malovu ake muno.

Halvorsen ananyamula botolo, naliyang'ana pagetsi.
"Koma ndi oyera," anatero, osati monyoza.
Ndinavomera. Ndi oyera.
N'chifukwa chake palibe amawaopera.

Kubwerera kunyumba Araceli anali chete mpaka pamaloboti.
Kenako anati, "Amayi, ndiye muli mbali iti?"
Ndinafuna kunena kuti mbali yake.
Ndinafuna kunena kuti mbali ya mwana wa ludzu uja.
Lilime linakana kuwalekanitsa,
poti iyenso akafika amathamangira kumpopi womwewo,
kumwera m'manja ngati ali ndi zaka zisanu.
Ndinangoti: chilichonse amange,
ayambe aloza pamapu pomwe matope akaime
asanafike kumtsinje,
ndi amene adzakolope zaka makumi atatu zikubwerazi.
Anapukusa mutu. "Limenelo si yankho."
Mwina si yankhodi.

Lero ndi Lachiwiri.
Kambalame kotuwa kaima pamwala pakati pa mtsinje,
kagwadagwada, kenako chubwi, kulowa m'madzi oundana m'mbali.
Pamwamba panga basi ikubuula pokwera,
Tevita waliza hutala kawiri.
Ndakweza dzanja, madzi alowa pobooka paja,
chala chachita dzanzi.
Ndalemba: mphindi khumi ndi zinayi kupitirira sikisi.
Ndatseka chivindikiro.
Atsala mabotolo asanu.