Buku la Chikuto Chofiira

Lero ndikukupatsa buku, Dolika.
Landira ndi manja awiri.
Chikuto chake chinali chofiira;
zaka zisanu ndi chimodzi za utuchi wa ku Mchesi
zachidetsa ngati thabwa la mlombwa.
Nachi chidindo, inki yake imauma msanga.
Nayi kiyi ya kabati, imavuta,
uzikankha chitseko ndi bondo.

Patsamba loyamba pali mayina makumi anayi ndi awiri:
akalipentala, owotcherera zitsulo,
amayi atatu osoka makushoni.
Tsikulo tinaimika manja pansi pa mtengo wa kesha
n'kuvomerezana kuti mutu umodzi susenza denga.
Mwambi ndi wopepuka pakamwa, mnzanga.
Denga lenilenilo ndi zikwi ziwiri pamwezi.

Udzawadziwa anthu ndi mapazi awo.
A Msokera akaona buku amazemba kuseri kwa matabwa.
A Chikadza amalipiriratu miyezi itatu
kuti pamsonkhano alankhule katatu.
Msonkhano wa 2 koloko umayamba dzuwa litapendeka,
mvula ikuopseza kuchokera ku Bunda,
iwe ukuwerenga mitu, n'kuwerenganso,
ngati kuti wachisanu ndi chiwiri wosowayo
atuluka m'bokosi la misomali.

Chaka china kunabwera galimoto yoyera
ndi mafomu, ndi mawu aatali.
Masiku atatu m'hotela, nkhuku, kusayina.
Mamembala atsopano anagwa ngati ngumbi panyali.
Ndalama zitatha, pansi panatsala mapiko okhaokha.
Mayina awo ndinawadula ndi pensulo;
munthu amabwerera.

Wapampando adzafuna usayine cheke chosalembedwa,
adzati, "N'zachangu, mlongo, tilemba mawa."
Kana uku ukuseka.
Koma kana.

Tsegula tsamba 61, pamene inki inamwazika.
Usiku umenewo Yotamu wanga anali ku Central,
mankhwala akuti tikagule tokha,
m'nyumba mulibe ngakhale ya machesi,
chitini cha bungwe chili phee kunsi kwa bedi.
Ndinachitsegula.
Ndinatenga zikwi zisanu ndi zitatu,
n'kulemba: ngongole, msungichuma.
Loweruka ndinaima pamaso pa onse
n'kuwerenga mzerewo ndi pakamwa panga.
Kunali zii, kupatula sowo ya kwa aneba.
Amene anayamba kuimirira ndi a Msokera,
mwini ngongole ya miyezi inayi:
"Mbala silemba dzina lake. Tipitirize."
Ndinabweza pang'onopang'ono, malisiti ali momwemo.
Usang'ambe tsambalo.

A Kadzakumanja atamwalira,
iwo amene anakhomera mabokosi theka la Biwi,
pakhomo pawo panalibe thabwa ndi limodzi lomwe.
Bukuli ndi limene linawagulira matabwa,
linalipira lole mpaka ku Mitundu,
ife tinakhoma usiku wonse osalandira kanthu.
Mwezi umenewo palibe anafunsa
kumene zopereka zimapita.
Mwezi wotsatira anafunsanso, ndipo ndi bwino.
Tsiku limene adzasiye kufunsa,
udziwe kuti bungwe ladwala.

Ena dzulo amandinong'oneza kuti ndiimenso,
akuti malamulo ndi pepala chabe.
Koma mzere wonena kuti kawiri basi
ndinaulemba ndi dzanja langa lomweli,
ndili ndi tsitsi lakuda ndi ukali wambiri.
Sindinganame, m'mimba mukundipota.
Chikwama chapepuka moti ndikuyenda mopendekera.

Loweruka ndidzabwera ndithu.
Ndidzakhala kumbuyo, pa benchi yogwedera ija,
zikwi ziwiri zili m'manja.
Undilembere lisiti, udinde bwino.
Ndipo mwezi wina ndikadzasowa,
usandichitire manyazi, Dolika:
nyamula buku,
ukandisake kuseri kwa matabwa.