Nalimata wa pa Siteshoni

Yotamu akuti ndinataya makwacha anga m'ngalande.
Akuti gemu yopanda mfuti, yopanda chigoli,
ndi ndiwo zopanda mchere.
Akunena izi maso ali pa sikirini, zala zikuvina,
m'kashopu ka malata ku Kalingalinga
momwe mphindi khumi amagulitsa makwacha asanu.

Ine yanga ndimasewera usiku
pa laputopu yong'aluka pakona
imene ndinagula ku Kamwala kwa munthu wosayang'ana m'maso.
M'menemo ndine nalimata.
Ndimavala tayi.
Ndimasunga ofesi ya zinthu zotayika
pa siteshoni imene sitima inaiwala kalekale.
Ntchito yake ndi yomweyo basi:
wina agogode, ndimvetsere, ndifufuze m'mashelefu.

Anabwera bambo wina atataya Lachiwiri lake.
Ndinalipeza m'thumba la jekete, litapindidwa ngati lisiti.
Kenaka inalowa ambulera yofunafuna mwiniwake,
ndipo inalankhula, ambulera ija, inalankhula,
mpaka ndinadina batani kuti ifulumire.

Ndivomere, magemu otere nthawi zina amalongolola
ngati mlaliki wa m'basi ya ku Chipata.
Amadzimva. Amayesa chodabwitsa chilichonse ndi nzeru.
Ndipo bwanji pawindo pamangogwa chipale chofewa?
Ndani adzandipangire ya fumbi la Okutobala,
ya kondakitala wa ku Matero
wobweza chenji cha maloto a dzulo,
ya mayi wa tomato pa Soweto wodziwa tsiku lako la ukwati?

Komabe.
Lachinayi lapitali, anthu atagona,
analowa mayi wovala nsapato zosiyana.
Anati: ndataya kutsokomola kwa mwamuna wanga,
kuja ankatsokomola pa geti ndisanamuone.
Gemu inandiyalira njira zitatu:
ndimunamize kuti abwere mawa,
ndimupatse kutsokomola kwa munthu wina
kumene kuli m'botolo pa shelefu yapamwamba,
kapena ndingokhala naye chete.

Ndinachotsa dzanja pa mabatani.
Atate anga ankatero pochokera ku Chilanga,
simenti ili m'tsitsi ndi m'nsidze:
kutsokomola kawiri, kenaka kugwedeza loko.
Zaka zisanu ndi ziwiri sindinazikumbukire zimenezo,
ngakhale tsiku lokaika mwala ku Chingwere.
Wandikumbutsa ndi nalimata wa tayi.

Ndisanasankhe, magetsi anathima.
Batire la laputopu linamwalira chaka chatha.
Mdima. Agalu a kwa Zelipa. Jenereta ya pa bala.
Tinangokhala, mayi uja ndi ine,
iye kulibe, ine ndilipo,
ndipo mwina ndiye kuti ndinasankha yachitatu.

Kutacha ndinamufotokozera Yotamu.
Anafunsa: ndiye unawina?
Ndinati sindikudziwa.
Anaseka mpaka chitumbuwa chinamutsamwa,
nati iye dzulo wakwapula mnyamata wa ku Mtendere
zigoli zisanu ndi chimodzi kwa duu.

Sindimunyoza ayi.
Chigoli n'chokoma, ndipo chimathera pomwepo,
umatuluka m'kashopu uli wopepuka ngati pepala la siwiti.
Koma ine ndimafuna gemu yonditsatira kunja,
yokwera nane minibasi osalipira,
yondichititsa kuyang'ana nsapato za anthu pa Cairo Road
ngati pali wina wavala zosiyana.

Akuti magetsi abwera cha m'ma teni usiku uno.
Sindinasunge pomwe ndinafika,
ndiye tiyambiranso kumbuyo:
bambo wa Lachiwiri, lisiti m'jekete,
ndi ambulera ija ndi mbiri yake yonse,
mvula iliyonse imene inaigwera.
Lero sindidina batani. Inene mpaka itope.
Mayi uja akuyembekeza kuseri kwa chitseko,
ndipo za botolo lija
mpaka pano sindinaganize chochita.