Lachiwiri ku Luchenza

Loweruka ndine wa aliyense.
Foni imalira kuchokera ku Chonde, ku Bvumbwe, ku Nkando:
bwera udzatsogolere akwati,
bwera udzadzutse holo, alendo akusinza pamipando.
Ndimapita, nsapato m'jumbo, malaya obwereka,
mano okha ndiwo anga.
Nthawi ya perekaniperekani ndimaima pambali, thukuta kamukamu,
kuwerenga ndi maso ndalama za eni.
Wapampando amati tikutumizira pafoni Lolemba.
Lolemba lakelo ndalidikira kuyambira Ogasiti.

Lamulungu bondo limatupa ngati peyala.
Kenako chiperoni chimatsika m'phiri,
chimameza minda ya tiyi, chimakwawa pansi pa chitseko
n'kudzakhala pachifuwa panga.
Mbaula sindiyatsa.
Foni ikalira ndimangoiyang'ana mpaka itatopa.
Mlongo wanga amaseka: iwe ungadwale chiyani,
si dzana lomweli unagwedeza Chitakale yense?

Fulayelo Mukhwapa ankavina tchopa kutiposa tonse,
zikopa m'chiuno, katundu kumsana, fumbi mpaka m'mitengo.
Mu Juni anagulitsa ng'oma.
Anagulitsa foni.
Anasiya kuyankha moni, ife tinati matama.
Usiku wina anakakhala pa njanji, kuseri kwa siteshoni.
Sitima sinabwere.
Anabwera ndi mlonda, ndi tochi yakutha mabatire,
anakhala naye pomwepo mpaka tambala,
osamufunsa kanthu, kungomugawira chinangwa chozizira.

Ndiye tsopano Lachiwiri lililonse
timakumana kuseri kwa shopu ya telala, kwa mayi Nasiyaya,
pa mabenchi awiri ndi kireti ya zakumwa.
Tilipo asanu ndi awiri, mvula ikagwa anayi.
Lamulo anaika Fulayelo ndi limodzi:
pano sitivina.
Poyamba miyendo inkasowa chochita,
Ediliya ankagogoda chidendene pansi ngati akuitana wina.
Sabata yachitatu ndi pomwe ananena
kuti chimwalirireni mwana wake sanalirepo,
poti mawa lake anali ndi chinkhoswe ku Goliati
ndipo anali atadya kale theka la malipiro.

Kamodzi pa mwezi kumabwera namwino wa ku boma,
mayi Likhucha, pa kabaza, kope lonyowa m'chikwama.
Anatiuza kuti chiperoni cha m'chifuwachi chili ndi dzina,
kuti anthu ena achira, kuti kuchipatala kuli khomo lake.
Ine ndinakwiya kaye.
Zaka zonsezi ndimayesa ulesi,
ndimayesa wina anandiponda pa bwalo.
Amafunsa kuti wagona bwanji, n'kukhala chete.
Sindinazolowere munthu wodikira yankho.

Tili ndi chitini cha mkaka chobooledwa pamwamba.
Wapeza ganyu amaponyamo kangachepe.
Mwezi watha chinalipira nyumba ya Sayikolo atabinya phazi,
chinagulanso mafuta opaka bondo langa.
Chitini sichidzaza. Chimalira ukachigwedeza, basi.

Sindinachire, ndisakunamizeni.
Dzulo chifunga chinabweranso m'mamawa,
koma ndinatumiza uthenga wa mawu awiri: chatsika, bwerani.
Fulayelo anafika ndi nthochi zitatu,
anakhala pakhonde kusoka chikopa chake chong'ambika.
Sitinalankhule.
Pafupifupi masana ndinadzuka kukayatsa mbaula,
ndipo makina a mayi Nasiyaya, kutali,
ankagunda mwa apo ndi apo.
Phazi langa lamanzere linayankha lokha, pang'ono,
popanda wondilipira.